Mmene Mungakwerere Mapiri Ataliatali Akutali ndi Anthu N'kubwerako Bwino

Phiri lalitali limene lili kutali ndi midzi ndi misewu limasiyana ndi mapiri ena pa chinthu chimodzi chachikulu, chimene ndi kutalikira kwa thandizo. Munthu akathyoka mwendo kapena akadwala ali kumeneko, omupulumutsa akhoza kutenga tsiku lathunthu, masiku awiri kapena kuposerapo asanamufike, ndipo mitambo ikatsika kapena mphepo ikakula ngakhale helikopita singauluke. Pa chifukwa chimenechi, ulendo wotere uyenera kukonzedwa kuyambira kumapeto kwake. Funso loyamba likhale lakuti mudzatsika bwanji, nthawi yanji, ndiponso mudzakhala mutatsala ndi mphamvu zochuluka motani, ndipo za kufika pansonga muziganizire pambuyo. Ndimakhulupirira kuti ngozi zambiri za m'mapiri zikanapeweka anthu akanamatsatira dongosolo limeneli, ndipo malangizo otsatirawa atsamira pa mfundo yomweyo.

Kusankha phiri ndi nyengo yake

Kutalika kwa phiri pakokha sikusonyeza kuvuta kwake, ngakhale kuti oyamba kumene amakonda kuyang'ana chiwerengero cha mamita chokha. Kilimanjaro, ku Tanzania, ndi lalitali mamita 5,895, koma njira zake zodziwika n'zoyenda ndi miyendo popanda chingwe, moti chimene chimagonjetsa anthu kumeneko ndi kuchepa kwa mpweya ndi kuzizira. Pa Mount Kenya, nsonga ya Point Lenana, imene ili pa mamita 4,985, imafikika ndi woyenda pansi wamba, pamene ya Batian, ya mamita 5,199, imafuna luso lokwera matanthwe ndi zingwe, chikhalirecho nsonga ziwirizi zimangosiyana ndi mamita 214. Nsonga ya Margherita m'mapiri a Rwenzori, pamalire a Uganda ndi Democratic Republic of Congo, ili pa mamita 5,109, ndipo wopita kumeneko amayenda masiku angapo m'matope asanaponde madzi oundana. Ngakhale Sapitwa, pa phiri la Mulanje, amene ali pa mamita 3,002 okha, ali ndi miyala ikuluikulu yoterera ndi nkhungu imene imatsika mosayembekezereka, ndipo alipo anthu amene anasochera n'kutaya moyo kumeneko. Choncho musanasankhe phiri, fufuzani mtundu wa njira yake, kutalika kwa malo amene mudzagone usiku uliwonse, kumene kumapezeka madzi, ndiponso mtunda wochokera pamsasa wakutali kwambiri kukafika pamsewu umene galimoto ingafikepo.

Thupi la munthu aliyense limalandira malo okwera mosiyana, ndipo njira yodziwira mmene lanu limachitira ndi kuliyesa kaye pa phiri limene kutsika kwake n'kwapafupi. Yambani ndi mapiri a mamita 3,000, kenaka a pakati pa mamita 4,000 ndi 5,000, ndipo pokhapokha mutaona mmene mumagonera, mumadyera ndi kuyendera pamalo otere m'pamene mungaganizire za mapiri oposa apa. Kulimbitsa thupi kuyambe miyezi itatu kapena kuposerapo ulendo usanafike, ndipo palibe masewera olimbitsa thupi amene amaposa kuyenda maola ambiri pa zitunda mutabereka chikwama cholemera, mutavala nsapato zomwe mudzavale pa ulendowo. Musaiwale kuzoloweza miyendo kutsika mitsetse, chifukwa kutsika ndiko kumapweteka mawondo ndi ntchafu.

Phiri lililonse lili ndi nyengo yake. Kilimanjaro amakonda kulikwera kuyambira Januwale mpaka kumayambiriro kwa Malichi, komanso kuyambira Juni mpaka Okutobala, pamene mvula yachepa. Aconcagua, ku Argentina, phiri la mamita 6,961 limene ndi lalitali kuposa onse a kunja kwa Asia, amalikwera makamaka pakati pa Disembala ndi Febuluwale, pamene ku Himalaya anthu amapewa mvula yambiri ya pakati pa chaka n'kusankha Epulo ndi Meyi kapena Okutobala ndi Novembala. Mapiri ambiri otere ali m'malo otetezedwa ndi boma ndipo amafuna chilolezo. Pa Kilimanjaro saloleza mlendo kukwera popanda wolondolera njira wovomerezeka, ndipo chilolezo cha Aconcagua chimaperekedwa ndi akuluakulu a chigawo cha Mendoza.

Vuto la mpweya wochepa

Gawo ili ndilo lofunika kuliwerenga mofatsa kuposa ena onse, chifukwa matenda obwera ndi kukwera malo ataliatali sasankha munthu. Mnyamata wothamanga akhoza kudwala pamene munthu wachikulire woyenda modekha ali bwinobwino, ndipo kawirikawiri olimba thupi ndiwo amagwa m'vutoli chifukwa miyendo yawo imawakweza mofulumira kuposa mmene magazi awo angazolowerere.

Okosijeni amapanga magawo 21 pa magawo 100 alionse a mpweya umene timapuma, kaya tili m'mphepete mwa nyanja yamchere kapena pamwamba pa Everest. Chimene chimasintha n'chakuti mpweyawo umapepuka munthu akamakwera, motero kupuma kumodzi kumalowetsa okosijeni wochepa m'mapapo. Pa mamita 5,500 munthu amakoka pafupifupi theka la okosijeni amene akanakoka ali m'mphepete mwa nyanja, ndipo pansonga ya Everest, pa mamita 8,849, amakoka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Thupi limadziwa kuzolowera zimenezi: kupuma kumafulumira, mtima umagunda kwambiri, munthu amakodza pafupipafupi, ndipo pakapita masabata maselo ofiira a m'magazi amachuluka. Koma zonsezi zimafuna nthawi, ndipo palibe kulimba mtima kumene kungazifulumizitse.

Zizindikiro zoyamba zikhoza kuoneka kuyambira pa mamita 2,500, ndipo nthawi zambiri zimabwera patapita maola angapo munthu atafika pamalo atsopano, makamaka usiku woyamba. Mutu umapweteka, kumabwera nseru kapena kusanza, chilakolako cha chakudya chimatha, pamakhala chizungulire ndi kutopa kosagwirizana ndi mtunda umene mwayenda. Ngati mutu ukupweteka pamodzi ndi china mwa zizindikiro zimenezi, musadzinamize kuti ndi dzuwa kapena chimfine. Litengeni ngati vuto la mpweya, ndipo musakwerenso mpaka zitatheratu. Ngati tsiku lopumula lapita koma sizikusintha, kapena zikuwonjezereka, tsikani.

Madokotala odziwa za m'mapiri amalangiza kuti mukapitirira mamita 3,000, malo amene mukugona usiku uno asakwere ndi mamita oposa 500 poyerekeza ndi amene munagona dzulo, ndipo pa masiku atatu kapena anayi alionse pakhale tsiku logonanso pamalo omwewo. Chofunika kuwerengera ndi pogona, osati pamene mwafika masana, ndipo n'chifukwa chake kukwera masana n'kubwerera kudzagona m'munsi kumathandiza kwambiri. Oyenda njira ya Machame pa Kilimanjaro amakwera mpaka ku Lava Tower, pafupifupi mamita 4,600, n'kutsika kukagona ku Barranco, pansi pa mamita 4,000 pang'ono. Opita kumsasa wa m'munsi mwa Everest ku Nepal amatera pa ndege ku Lukla, pa mamita 2,860, ndipo akafika ku Namche Bazaar, pa mamita 3,440, amagonako masiku awiri asanapitirire. Mukapatsidwa mwayi wosankha pakati pa ulendo wa masiku asanu ndi wa masiku asanu ndi atatu pa phiri lomwelo, sankhani wautaliwo ngakhale uli wokwera mtengo, pakuti kuthamanga sikufika.

Pali matenda awiri amene amapha, ndipo aliyense pa gulu ayenera kuwadziwa. Oyamba ndi kudzaza kwa madzi m'mapapo. Munthu amene dzulo anali patsogolo amayamba kutsalira, amabanika ngakhale atakhala pansi, amatsokomola chifuwa chouma chimene kenaka chimatulutsa makhololo a thovu, nthawi zina osakanikirana ndi magazi, ndipo milomo ndi zikhadabo zimasintha mtundu. Vutoli limakonda kuonekera pakati pa usiku wachiwiri ndi wachinayi pamalo atsopano. Achiwiri ndi kutupa kwa ubongo, kumene kumachititsa munthu kudzandira ngati woledzera, kuyankha zosagwirizana ndi funso, kupsa mtima popanda chifukwa kapena kungofuna kugona. Njira yapafupi yomuyesera ndi kumuuza kuti ayende pamzere wowongoka, chidendene cha phazi lina chikugunda zala za phazi linzake. Akalephera, nkhani yokambirana yatha: atsitsidwe nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ndi mamita osachepera 300 mpaka 1,000, kapena kufikira zizindikiro zitachepa, ndipo asatsike yekha. Chomvetsa chisoni n'chakuti wodwala chotere nthawi zambiri amakana kuti akudwala, chifukwa chiwalo chimene chikanamuchenjeza ndicho chavulala, kotero udindo wonse umakhala pa anzake.

Mankhwala alipo, koma akufunika kukambirana ndi dokotala musananyamuke. Acetazolamide, amene ambiri amawadziwa kuti Diamox, amathandiza thupi kuzolowera msanga, ndipo popewa matendawa kawirikawiri amamwedwa mamiligalamu 125 kawiri pa tsiku kuyambira tsiku limodzi musanakwere. Amachititsa dzanzi m'zala ndi kukodza pafupipafupi. Dexamethasone amagwiritsidwa ntchito pa kutupa kwa ubongo, ndipo nifedipine pa madzi a m'mapapo. Magulu ena amanyamula mabotolo a okosijeni kapena thumba lopopa lotchedwa Gamow, limene wodwala amagonekedwamo kuti thupi lake likhale ngati latsika. Zonsezi zimangopereka mpata woti wodwala atsike, ndipo sizilowa m'malo mwa kutsikako. Mowa ndi mapiritsi ogonetsa musazikhudze m'masiku oyamba, chifukwa zimachepetsa kupuma munthu akagona. Amene ali ndi matenda a mtima, a m'mapapo kapena a sickle cell, komanso amayi oyembekezera, asakwere malo otere dokotala asanavomereze.

Kuwerengera nthawi ndi ola lobwerera

Mu 1892, William Naismith wa ku Scotland anapereka njira yowerengera nthawi imene oyenda m'mapiri akuigwiritsabe ntchito: ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kuwonjezerapo ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Motero ulendo wa makilomita 10 wokwera mamita 1,200 ndi wa maola anayi. Chiwerengero chimenechi ndi cha munthu wolimba, wa katundu wopepuka, woyenda panjira yabwino, ndipo sichiphatikiza nthawi yopumula. Mukapitirira mamita 4,000, kapena ngati njira ili ya miyala yosakhazikika, musadabwe kuona nthawiyo itawirikiza kawiri.

Usiku woti mawa mukwere kunsonga, gulu lonse ligwirizane ola limene mudzabwerere, kaya mwafika kapena simunafike. Olali mumalipeza powerengera chobwerera m'mbuyo: yambirani pa nthawi imene dzuwa limalowa, chotsanipo maola otsikira kumsasa, chotsaniponso maola ena awiri osungira zamwadzidzidzi. Ubwino wogwirizana muli pansi n'ngwakuti maganizo amakhala akugwira bwino ntchito, pamene pamwamba, munthu atatopa, mpweya uli wochepa, nsonga ikuoneka pafupi, amapeza zifukwa zambiri zowonjezera theka la ola. Pa 10 ndi 11 Meyi 1996 anthu asanu ndi atatu anafa pa Everest mkuntho utawapeza, ndipo ena mwa iwo anali atafika pansonga mochedwa kwambiri masana, nthawi yoyenera kubwerera itapitirira kale. Kafukufuku wina amene anafalitsidwa mu 2008, wounika imfa za pa phirilo kuyambira 1921 mpaka 2006, anapeza kuti mwa okwera amene anafa atapitirira mamita 8,000, ambiri anafa potsika.

Ichi n'chifukwa chakenso okwera mapiri amanyamuka usiku. Pa Kilimanjaro anthu amachoka pamsasa wa Barafu cha pakati pa usiku kuti akafike pamwamba dzuwa likutuluka. M'mamawa chipale chofewa chimakhala cholimba, miyala imene imagwirizidwa ndi madzi oundana imakhala isanayambe kugumuka, ndipo mitambo ya mabingu, imene pa mapiri ambiri imasonkhana masana, imakhala isanakule.

Zovala, zogonera ndi madzi

Pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5. Ngati m'tsinde mwa phiri, pa mamita 1,000, kukutentha madigiri 25, yembekezerani kuti pa mamita 5,000 madzi akhoza kuundana, ndipo apo simunawerengere mphepo kapena usiku. Valani zovala zingapo zopyapyala mosanjikiza m'malo mwa chovala chimodzi chochindikala. Chapakhungu chikhale chosasunga thukuta, chapakati chikhale chosunga kutentha, monga cha ubweya wa nkhosa, ndipo chapamwamba chikhale chotchinga mphepo ndi mvula. Nsalu ya thonje isiyeni kunyumba, chifukwa ikanyowa siuma msanga ndipo imakoka kutentha kwa thupi. Vulani chovala chimodzi musanayambe kutuluka thukuta, ndipo mukaima kuti mupumule valani chofunda musanayambe kumva kuzizira. Chipewa chofunda, magolovesi awiriawiri ndi masokosi ouma osungira kugona zikhale m'thumba losalowa madzi.

Nsapato zatsopano sizipita kuphiri, chifukwa matuza aang'ono pa tsiku lachiwiri amasanduka zilonda pa tsiku lachisanu. Mukamva kuti penapake paphazi payamba kutentha, imani mumatepo pulasitala nthawi yomweyo. Thumba logonamo likhale lopirira kuzizira koposa kumene mukuyembekezera, ndipo pansi pake pakhale katandiko kochindikala, pakuti nthaka yozizira imalanda kutentha kwambiri kuposa mphepo ya m'tenti. Tochi yovala kumutu ikhale ndi mabatire ena apadera, ndipo mabatirewo pamodzi ndi foni muzigona nazo m'thumba logonamo chifukwa chisanu chimawathera mphamvu. Ngati mukunyamula nokha katundu, yesetsani kuti asapitirire kwambiri gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lanu.

Pamalo okwera mpweya ndi wouma ndipo kupuma n'kofulumira, choncho thupi limataya madzi ambiri munthu osadziwa. Ambiri amafunika malita atatu kapena anayi pa tsiku, ndipo mtundu wa mkodzo ndiwo umakuuzani ngati mukumwa mokwanira. Madzi a mumtsinje, ngakhale akuoneka oyera, athireni mankhwala, asefeni kapena awiritseni. Pamwamba pa mamita 2,000 asiyeni abwadamuke kwa mphindi zitatu, chifukwa madzi amawira asanatenthe kwambiri, mwachitsanzo pa madigiri pafupifupi 90 mukakhala pa mamita 3,000. Pa chifukwa chomwechi chakudya chimachedwa kupsa ndipo mafuta ophikira amatha msanga, kotero nyamulani zakudya zosachedwa kupsa, zopatsa mphamvu, ndiponso za tsiku limodzi kapena awiri owonjezera. Idyani pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ngakhale pamene simukumva njala. Musaphikire m'tenti yotseka, chifukwa moto umatulutsa mpweya wakupha wa carbon monoxide, umene sununkha, ndipo zizindikiro zake zimafanana ndi za matenda a malo okwera.

Kupeza njira pamene simukuona patsogolo

GPS ndi mapu a m'foni n'zothandiza, koma mapu a pepala ndi kampasi sizitha moto, ndipo muyenera kuphunzira kuzigwiritsa ntchito musanapite. Pa mapu a 1:50,000, sentimita imodzi imaimira mamita 500, ndipo pamene mizere yosonyeza kukwera kwa nthaka yathithikana, dziwani kuti pamenepo mpotsetsereka kwambiri kapena pali phompho. Chipangizo choyezera kutalika chimene chimadalira kulemera kwa mpweya chili ndi ntchito inanso: ngati mwagona pamalo amodzi koma m'mawa chikusonyeza kuti mwakwera, ndiye kuti mpweya wapepuka usiku, ndipo kawirikawiri zimenezi zimatsogolera nyengo yoipa. Pokwera muzicheuka kawirikawiri, makamaka pamphambano ndi pamene njira yachoka pamsana pa phiri, chifukwa malo amaoneka mosiyana kwambiri munthu akamabwerera.

Nkhungu ikakutsekerezani ndipo simukudziwa pamene muli, imani. Ngati mungathe kubwerera mosakayika pamalo omaliza amene munawazindikira, bwererani. Ngati simungathe, pezani potchinga mphepo, valani zofunda, ndipo dikirani kuti kuyere. Anthu osochera amakonda kutsatira mtsinje poganiza kuti uwafikitsa kumudzi, koma m'mapiri mitsinje imadutsa m'zigwembe ndi pa mathithi pamene munthu akatsikapo sangathenso kukwera. Mitsinje yochokera ku madzi oundana imasefukira masana dzuwa likatentha, choncho iwolokeni m'mawa, pamalo otambalala, mutamasula lamba wa m'chiuno wa chikwama kuti mukagwa muthe kuchitaya.

Za kuyenda pa madzi oundana ndi chipale chofewa sindinenapo zambiri, chifukwa sizingaphunziridwe powerenga. Pansi pa chipale pamabisala ming'alu yakuya, ndipo mitsetse imagumuka makamaka chipale chatsopano chikangogwa. Kumanga chingwe, kuyenda ndi zitsulo za mano zomangirira kunsapato, ndi kudziimitsa ndi nkhwangwa ya pa ayezi mukaterereka, zonsezi ziphunzireni kwa mlangizi wodziwa, pamalo osaopsa, mobwerezabwereza.

Mphenzi, chisanu ndi dzuwa

Mukaona kung'anima, werengani masekondi mpaka bingu litamveka. Masekondi atatu alionse ndi pafupifupi kilomita imodzi. Ngati sanakwane 30, mphenzi ili mkati mwa makilomita 10, ndipo muyenera kuchoka pansonga, pamsana pa phiri, pansi pa mtengo woima paokha ndi pakhomo pa phanga losaya. Tsitsi likayamba kuimirira kapena zitsulo zikayamba kulira, tsikani mwachangu. Ikani ndodo zachitsulo patali, gulu limwazikane pang'ono kuti onse asakanthidwe pamodzi, ndipo dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza.

Kuzizira kumapha ngakhale pamene madzi sanaundane, makamaka mvula, mphepo ndi kutopa zikakumana. Kutentha kwa thupi kukatsika pansi pa madigiri 35, munthu amanjenjemera mosaletseka, zala zimalephera kutseka zipi, amapunthwa ndipo mawu ake samveka bwino. Akasiya kunjenjemera koma akadali wozizira, zinthu zafika poipa. Mubiseni ku mphepo, muvuleni zonyowa, mugonekeni pa chinthu chomulekanitsa ndi nthaka, mufunditseni, ndipo ngati ali maso ndipo akutha kumeza mupatseni chakumwa chofunda cha shuga, osati mowa. Zala, mphuno kapena makutu zikachita dzanzi n'kuuma gwa, musazitikite ndipo musaziwothetse pamoto. Zimafunika kuviikidwa m'madzi ofunda a madigiri 37 mpaka 39, koma pokhapokha ngati palibe mwayi woti ziundanenso, pakuti kuundana kachiwiri kumawononga mnofu kuposa koyamba.

Dzuwa nalonso limakula mphamvu: kuwala kwake kopsereza khungu kumawonjezeka ndi magawo pafupifupi 10 pa 100 pa mamita 1,000 alionse, ndipo chipale chatsopano chimabweza kuwala kochuluka kumaso. Khungu la mtundu uliwonse limapsa. Dzolani mafuta oteteza, ndipo valani magalasi akuda otchinga ndi m'mbali momwe ngakhale kuli mitambo, chifukwa maso opsa ndi kuwala amayamba kupweteka patapita maola, ndipo munthu akhoza kukhala tsiku limodzi kapena awiri osatha kuwatsegula.

Oyenda nawo ndi otsala kunyumba

Kuphiri lakutali musapite nokha. Gulu la anthu atatu kapena anayi limalola kuti wina akavulala, mmodzi atsale naye pamene ena akukaitana thandizo. Liwiro la gulu likhale la amene akuyenda pang'onopang'ono kuposa onse, ndipo gulu lisagawikane popanda kugwirizana kumene likakumane ndi nthawi yake. Musananyamuke, uzanani za matenda amene aliyense ali nawo, ndipo gwirizanani kuti aliyense ali ndi ufulu wonena kuti tibwerere popanda kunyozedwa. Mfundo imeneyi ndimaiona kuti ndi yofunika kwambiri, chifukwa anthu ambiri amabisa mutu wopweteka poopa kusokoneza ulendo wa anzawo.

Wolondolera njira wa m'deralo amadziwa kumene mitambo yoopsa imachokera, kasupe amene sauma ndi njira zotulukira mwachangu, ndipo paja safunsa anadya phula. Mufunseni musanamulembe ntchito kuti amachita chiyani mlendo akadwala usiku, amanyamula zotani za chithandizo choyamba, ndipo amalumikizana bwanji ndi a kumunsi. Onyamula katundu nawonso ndi anthu amene amadwala ndi kuzizidwa monga wina aliyense. Pa Kilimanjaro katundu wa alendo amene munthu mmodzi anganyamule sayenera kupitirira makilogalamu 20, ndipo kulikonse kumene mungapite onetsetsani kuti ali ndi nsapato, zofunda, pogona ndi chakudya chokwanira, komanso kuti wodwala mwa iwo asatsitsidwe yekha.

Kwa munthu wodalirika amene akutsala, siyani pepala lolembedwa bwino: njira imene mudzatsate, misasa, mayina a oyenda nawo, tsiku lobwerera, ola limene ayenera kuyamba kuitana thandizo ngati sanamve kwa inu, ndi amene ayenera kuwaimbira. Foni za m'manja sizigwira m'mapiri ambiri akutali, choncho ganizirani zonyamula chipangizo chotumiza uthenga kudzera pa setilaiti, kapena kachipangizo kotumiza chizindikiro cha wailesi pa 406 MHz kamene kamadziwitsa opulumutsa anthu kudzera mu dongosolo la masetilaiti lotchedwa Cospas-Sarsat. Werengani bwino mapepala a inshuwalansi, chifukwa ambiri amaika malire a kutalika ndipo ena salipira helikopita. Nyamulaninso wezulo. Chizindikiro chodziwika chopemphera thandizo m'mapiri ndi kuliza wezulo kapena kuthwanitsa tochi kasanu ndi kamodzi pa mphindi imodzi, kupumula mphindi imodzi, kenaka kubwereza. Amene wakumvani amayankha katatu.

Kutsika

Pansonga musachedwepo. Imwani madzi, idyani kanthu, mangitsani zingwe za nsapato kuti zala zisamagunde kutsogolo, ndipo yambani kutsika mphamvu zikadalipo. Ponyani mapazi mwafupifupi, mawondo atapindika pang'ono, ndipo gwiritsani ntchito ndodo kuti zichepetse katundu wa mawondo. Pa miyala yosakhazikika yendani moyandikana kwambiri kapena mosinthana, kuti mwala wogubuduzidwa ndi wapamwamba usapeze wapansi utathamanga kale, ndipo mwala ukagubuduka fuulani msanga. Pamalo ovuta tembenukirani kuthanthwe n'kutsika chafutambuyo, manja ndi mapazi zitagwira. Njira zachidule zimene simunadzere pokwera zikaneni, ngakhale msasa ukuoneka pansi pomwepo. Wodziwa kwambiri pa gulu akhale m'mbuyo kuti aziona amene wayamba kupunthwa, chifukwa kutupa kwa ubongo ndi kuzizira kwa thupi zikhoza kuonekera pamene aliyense akuganiza kuti zovuta zatha.

Zinyalala zonse, kuphatikizapo mabatire ndi mapepala a kuchimbudzi, zitsike nanu. Kumene kuli dothi, kumbani kadzenje kakuya masentimita 15 mpaka 20, pamtunda wa mamita osachepera 60 kuchokera pamadzi, koma pamwamba pozizira zonyansa siziwola, ndipo n'chifukwa chake pa Aconcagua ndi pa Denali ku Alaska okwera amapatsidwa matumba kapena zitini zoti atsike nazo. Mukafika m'munsi, lembetsani pachipata kuti mwatuluka, ndipo dziwitsani msanga munthu amene munamusiyira pepala uja kuti asatumize anthu kukakufunani. Ngati chifuwa, kubanika, mutu kapena dzanzi la m'zala zikupitirira patapita masiku angapo, pitani kuchipatala ndipo mukafotokoze kutalika kwa malo amene munafika, masiku amene munakhalako ndi mankhwala amene munamwa.